Chitseko cha kwa a Nyasulu

Anandiitana ku Zolozolo mwezi wa Juni,
chifunga chitameza malata onse.
Mayi a m'nyumbamo anali atagwa ndi sitiroko
ndipo chikuku chawo chinkakanika kukhota polowa kuchipinda.
Chitseko chikatseguka chinkadya mpata wonse
n'kuwagunda bondo losamva lija.

A Nyasulu anati, ingochizulani, tiikepo nsalu.
Mayiwo anapukusa mutu.
Kamwa linali litapotoka, koma mawu anatuluka ndithu:
ndizivulira pamsewu ine?

Ndiye ndinagumula njerwa
n'kumanga khoma lokhala ndi mimba,
pakati mpata wa zala zinayi,
pamwamba njanji ndi timawilo,
thabwa lake paini wa ku Chikangawa, utomoni uli guu.
Mahinjesi akale ndinabwerera nawo m'thumba,
akulira ngwelengwele pa kabaza mpaka ku Chiputula.

Tsiku loyesa panadzaza anthu.
Ndinakankha pang'ono, chitseko chinalowa m'khoma
ngati kalata mu envulopu.
Kamdzukulu kawo, Vinjeru, kanathamangira kuseri
kukachidikirira kuti chitulukire uko.
Kanabwerako katakwiya:
mwachiika kuti?

Patatha milungu itatu foni inalira.
Mvula yamawawa ija inali isanakate,
thabwa linamwa chinyontho, linafufuma,
chitseko chinakana kutuluka.
Chinangokhala phee mumdima mwake,
mayi aja akusinthira zovala kuseri kwa chitenje
chomwe amuna awo anagwirizira ndi manja awiri
atayang'ana kumbali.

Manyazi anali anga.
Ndinagula thabwa laliwisi chifukwa linali lotchipa,
ndipo ndinkadziwa.

Ndinachikoka ndi waya, ndinachipala,
utuchi ukugwera m'nsapato,
njanji ndinaipaka phula la kandulo.
Ndisanachibwezere ndinasuzumira m'mimba muja:
kangaude anali atayamba kale kumanga,
ndi pensulo yanga yomwe ndinaifunafuna mwezi wathunthu
ili gone pansi, posafika dzanja.
Ikadali momwemo.

Mayi aja anayendetsa chikuku okha.
Anakola chala chimodzi cha dzanja lamoyo lija
m'kabowo kamkuwa,
n'kukoka.
Chitseko chinabwera mwakachetechete
n'kutitsekera tonse kunja,
ine, amuna awo, Vinjeru.
Tinaima pamenepo ngati anthu odikira basi ya ku Ekwendeni.
M'katimo tinamva akuseka.
A Nyasulu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta
nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Kwanga chitseko n'cha mahinjesi.
Dzulo mwana wanga wamkulu anachimenyetsa
mpaka kalendala inagwa pakhoma,
ndipo ndinakhala ndikuganiza za chija cha ku Zolozolo
chomwe munthu sangachimenyetse ngakhale atapsa mtima bwanji,
chomwe chikatseguka chimachoka pamaso
n'kusiya njira yokha.

Ndalama yotsala sindinakaitenge.
Thabwa lija linali laliwisi.