Inki pa Chala

Takwera phiri masiku awiri, ine ndi Bisht wapolisi,
makina ovotera ali kumsana ngati mwana wodwala.
Bulu anakana pa mlatho wa zingwe, tinamusiya tsidya.
M'kaundula muli mayina khumi ndi limodzi.
Awiri anatsikira kulichete m'nyengo yozizira,
wina amatsuka mbale ku Dehradun, sabwera.
Atsala asanu ndi atatu.
Ine mphunzitsi wa masamu ndinagawa thukuta langa ndi nambala imeneyo,
yankho lake silinandisangalatse.

Kusukulu kwathu kuchigwa, mawu aja ali pakhoma:
chilungamo, ufulu, kufanana, ubale.
Penti inasupuka, ubale unatsala theka.
M'Januwale ana amawalakatula pamtima,
timawagawira maswiti ndi timbendera tapepala
timene pofika madzulo timakhala tili m'ngalande.
Ndawaphunzitsa mawuwo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Koma pofuna kuti andisamutsire kufupi ndi mkazi wanga
ndinakankhira envelopu kwa kalaliki wa zamaphunziro,
mawu omwewo atapachikidwa pamwamba pa mutu wake.
Manyazi sanandigwire.
Amatero aliyense, ndinadziuza, n'kukwera basi.

Kutacha tinasesa khola la mbuzi,
tinaimika katoni kuti munthu abisale posankha.
Woyamba anali Bhagirathi Devi, chikwakwa chili m'chiuno,
anadina, makina analira, iye n'kudzidzimuka n'kuseka.
Kenaka Sheru Ram, wosula makasu, woimba ng'oma pamaukwati
amene sadyapo pamodzi ndi eni ake.
Ali mnyamata, akuti, sankakhudza kasupe wa kumtunda;
ankatambasula manja, wina n'kumuthirira madzi ali patali.
Lero kumbuyo kwake kwaima mdzukulu wa Negi, mwini minda yonseyi,
akudikira, akupondaponda chifukwa cha kuzizira.
Mzere sufunsa kuti agogo ako anali yani.

Ndikumupaka inki anandifunsa za mlatho wachitsulo
umene analonjezedwa zisankho zitatu zapitazo.
Ndinati, bambo, si ofesi yanga imeneyo.
Iye anati, nanga yako ndi iti?
Aja analemba mawuwa anapita, mwana wanga,
anasiya khasu lili chiimire pakati pa mzere.
Mwini munda akafa, udzu sukhala pamaliro.
Chaka chilichonse ndimatsika kukalembetsa dandaulo,
sindidziwa kulemba, ndimadinda ndi chala ichi,
ndipo adzatopa ndi iwo, osati ine.

Atatero anagwira dzanja langa n'kulitembenuza,
monga achitira ndi chitsulo pofuna kuona mng'alu.
Zala zanga zinali zoyera mbee.
Fomu yanga yovotera papositi
inali m'dirowa kunyumba, pansi pa malisiti a magetsi.
Sananene kanthu. Analisiya dzanjalo mwaulemu,
natola ndodo yake.

Asanu ndi atatu mwa asanu ndi atatu.
Ndinalemba, ndinasaina, tinamata ndi phula lofiira.
Palibe kalasi yanga inakhozapo chonchi.

Potsika, Bisht ankatukwana mawondo ake,
mvula inatipeza m'nkhalango ya mikungudza,
ndinavula jekete n'kufunditsa makinawo,
sindikudziwa chifukwa chake, ali ndi bokosi lawo kale.
Bulu uja tinamupeza akudya, alibe mlandu ndi munthu.

Tili pa mlatho ndinaona kuti botolo latayikira m'thumba.
Inki yandidetsa chala cha mkombaphala, dzanja lamanzere,
malo ake enieniwo.
Sichoka ndi sopo, imadikira chikhadabo chikule.
Lolemba ana adzaiona ndikamaloza pabolodi,
adzati aphunzitsi avota.
Ndili ndi mtunda wa tsiku limodzi
woti ndipeze mawu owauzira zoona,
ndiponso wofunsa ku sitolo ya Joshi
kuti kachitini ka penti yakuda ndi ndalama zingati.