Banki ya M'phanga

Ku Genova, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsomba,
Fulvio Traverso akusongola pensulo ndi mpeni wa buledi.
Lendi ya miyezi itatu ikugogoda pakhomo.
Iye ali chete, akujambula.

Choyamba: phanga, ndi mzere wa anthu ovala zikopa
wokhota mpaka kuseri kwa phiri.
Pakhoma pali kauna. Munthu apisamo dzanja,
wam'katimo amuluma chala,
kenaka amupatsa zigoba ziwiri za nkhono.
M'munsi Fulvio alemba: Chachitatu tadula, ndi cha thukuta lathu.

Chachiwiri: mlimi wa ku Babulo wasenza lisiti,
phale ladongo lolemera ngati mwana wa ng'ombe,
msana uli khotee.
Kalaliki akuti, Pepani bambo, mubwere mkuja,
akaunti yanu sinaume.

Apa aseka yekha mpaka kutsamwa,
khofi n'kudonthera pa ndevu za kalalikiyo.
Azisiya choncho. Zamukhala.

Chachitatu n'cha chiwongoladzanja.
Wokongoza mbuzi akufuna mbuzi yake ndi ana awiri.
Wokongola wainyamula miyendo m'mwamba
kuti bwalo lonse lione:
ndi tonde.
Woweruza asuzumira, asuzumiranso,
akanda dazi, akuti, Koma munasaina.

Lachiwiri m'mawa Fulvio avala jekete la maliro a mlamu wake,
atsika makwalala opapatiza onunkha mchere,
zithunzi m'khwapa, kukapempha ngongole yosindikizira buku.

Mayi Ornella Pittaluga a ku ofesi ya ngongole
aseka mpaka magalasi kugwera pa desiki.
Aitana mlonda, aitana wosesa,
onse agwira nthiti pa nkhani ya tonde ija.
Kenaka apukuta misozi, awongola kolala.
Nanga chikole, bambo Traverso?

Pensulo theka. Mpeni wa buledi. Mphaka wa diso limodzi.

Kompyuta isinkhasinkha nthawi yaitali
ngati woweruza uja.
Pepani, atero mayiwo, motsitsa mawu.
Koma cha mbuzichi mungatisiyire? Chikhale pakhomapa.

Awasiyira. Adzajambula china, mbuzi sizivuta.

Panja mvula ikuwaza kuchokera kudoko.
Ayima pa makina a m'khoma,
akumbukira nambala, apisa dzanja mosamala,
alitulutsa, awerenga zala.
Zisanu, zonse zilipo.
Mayuro awiri okha ndiwo alumidwa.