Poyala Chitenje

Loweruka lija Ndaziona anadzuka nayo nkhani:
"Chaka chikutha tikungodyera pakhonde,
maso pa mpanda wa a Chikafa ndi masokosi awo pachingwe.
Lero tikadyere kwina,
kumene diso lingayende osagunda njerwa."

Tinalongedza m'dengu
mazira owiritsa asanu, mchere m'kapepala,
chinangwa chokazinga, mandasi ogona,
thobwa m'chigubu cha mafuta chotsukidwa kawiri,
ndi chitenje chija cha nsomba zobiriwira
chomwe ankaberekera Mzati asanamere mano.

Tinayambira m'tauni momwemo.
M'mbali mwa Lingadzi mitengo iliko ndithu,
mthunzi wake wozizira ngati madzi a mumtsuko,
koma pachipata panali bambo wa kabuku ka malisiti.
Anatiwerenga ndi cholembera: mmodzi, awiri, awiri ndi theka.
Ndinapisa m'thumba, ndinapapasa, ndinabweza dzanja.
Pusi wina panthambi anatiperekeza ndi maso.
Iyeyo analowa ulere.

Kufupi ndi maofesi a boma kuli kapinga wometedwa bwino.
Tinapezako maukwati atatu akujambulitsa,
atsikana ovala zofanana, nsapato zikumira m'dothi.
Chitenje chisanafike pansi wojambula anakuwa:
"Mayi, tasunthani, mukulowa m'chithunzi!"
Tinasuntha. Tinalowa m'chithunzi china.

Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe sitinaime n'komwe.
Madzi ankadutsa atasenza majumbo ngati obwera kumsika.

"Basi, tiyeni ku Bunda," anatero, mawu atauma.
Minibasi ya ku Mitundu inatipanikiza anayianayi,
dengu pamiyendo panga, Mzati pamwamba pa dengu.
Nyumba zinayamba kupatukana, minda kutambasuka,
kenaka phu! tayala lakumbuyo.
"Tatsikani kaye, mabwana, mphindi ziwiri zokha."
Jeke anali atatsala kudepoti.

Mwana anafuna kutaya madzi.
Tinatsata kanjira ka mbuzi kuseri kwa bulugamu,
kutsika pang'ono, kukhota,
ndipo dambo linangoti yalaa patsogolo pathu:
mpiru m'mizere, matimati pazichiri,
ng'ombe zinayi ndi akakowa awo oyera,
chulu chachikulu, mkuyu utamera pamsana pake,
ndi phiri lija chapatali, lili tumphu ngati linunda.

Mayi wina ankathirira mbewu ndi keni yodontha.
"Zikomo, kodi pano m'pa ndani?"
Anatiyang'ana, nayang'ana dengu, naseka.
"Dimbali ndi langa, Nankhoma ndine.
Mthunziwo sindinadzale ine, khalani.
Koma mbali ya kumadzuloyo kuli linthumbu."

Tinayala.
Nsomba za pachitenje zinagona pa udzu koyamba.
Mzati anasenda dzira, theka linagwera pansi,
nyerere zinalandira gawo lawo mosapempha.
Nankhoma anabwera ndi nzimbe ziwiri,
ife tinamupatsa dzira ndi kapu ya thobwa,
anati lachepa chimera, koma anamaliza.
Ndaziona anavula nsapato.
Sindikumbuka tsiku lina lomwe ndinaona zala zake zakuphazi
zikusewera zokha chonchija.

Hutala inalira kumsewu, kawiri, katatu.
Ndinadzuka theka.
Anandigwira malaya osandiyang'ana.
Tinaimva ikuliza injini, ikuchepa, ikuzimirira,
pamodzi ndi chenji chathu kwa kondakitala.

Phirilo sitinakwere.
Tinaliona likusintha mtundu, lotuwa, lofiirira, lakuda,
mpaka udzudzu unatiuza kuti nthawi yakwana.

Lamulungu a Chikafa anafunsa pampanda:
"Munapita kuti dzulo, mwachita kuwala chonchi?"
Ndinati ndiwalondolere, koma ndinene chiyani?
Pamene pamaphulikira tayala, mukhotere kumanzere?

Chitenje chili pamsomali kuchipinda.
M'mphepete mwake mwadzaza chisoso chomata.
Sabata yachitatu ino, Ndaziona sanachichotse.