Mvula ya M'kanema

Anyamata a ku Kapata akatuluka,
atakhuta zibakera ndi magalimoto oyaka moto,
ndimasesa makoko a mtedza pansi pa mabenchi
n'kukankha chitseko cha malata.
Ndi pamene a Mshanga amafika,
tcheni cha njinga chikulira dzimbiri,
munthu amene anavala yunifolomu zaka makumi awiri
pa geti la ku Mwami.
Salipira. Amabwera ndi nthochi ziwiri.

Timaika wakale uja, wopanda mitundu,
wakuda ndi woyera basi, ngati nkhanga.

Mumzinda wa m'menemo dzuwa silituluka.
Mvula imangogwa pa phula,
nyali imodzi yaweramira chithaphwi,
mwamuna wa chipewa chobisa diso
waima pakhonde la eni ake.
Machesi kuti ng'ani! Nkhope yaoneka,
mdima n'kuimezanso.

Kunja kuno ndi Okutobala,
phiri la Kanjala lapsa, fumbi lili m'mano,
koma ine msana umachita tsembwe.

Mkazi uja akamalowa
umatsogola ndi mthunzi, mwini wake pambuyo,
mizere ya pawindo itamulemba nkhope ngati mbidzi.
Akuti mwamuna wake wasowa.
Misozi ilipo, koma chikwama wagwira ndi manja awiri.
A Mshanga amandigunyuza:
"Uyu wapha kale. Ona nsapato, n'zouma."
Taonera kasanu ndi kawiri, amanenabe,
inenso ndimadabwabe.

Chizungu chawo n'chothamanga, china chimatipita,
koma wabodza timamumva ndi m'mene wapumira.

Wofufuzayo ndimamukonda chifukwa sauluka.
Ali ndi ngongole ya lendi.
Amamenyedwa kuseri kwa bala n'kudzuka mochedwa.
Envelopu ili patebulo akudziwa kuti ndi msampha,
dzanja n'kumapitabe.
Choonadi pomaliza amachipeza,
koma chili ngati ndalama yong'ambika pakati,
sungagulire ngakhale mchere.
Palibe ukwati, palibe nthungululu.
Amangodzutsa kolala n'kulowa mumvula.

Usiku wina magetsi anathima
mfuti ili m'mwamba, isanalire.
Tinakhala duu.
A Mshanga anayatsa machesi, chikhalirecho sasuta.
"Inenso ya khaki ina ndinalandira," anatero.
"Lole inadutsa osakwezedwa tenti.
Patapita sabata ndinamva zimene zinali mkatimo."
Lawi linafika pachala. Analiponya pansi.
Sindinafunse.

Magetsi atabwera tinaonera mpaka pothera,
mayina a anthu akufa kalekale akukwera pagalasi.
Njinga anangoikankha, osakwera,
kulowera cha ku Mchini,
nyali ya pagolosale ikuwatalikitsira mthunzi
mpaka unakafika pangalande iwo asanafike.

Nthochi yawo inatsala pabenchi, yosasenda.
Ndinakhoma loko.
Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe,
koma ndinapezeka nditadzutsa kolala.