Mwala wa m'ketulo

Loweruka m'mawa ndimapala ketulo ndi supuni,
nditakhala pakhonde pathu kuno ku Tafara,
ndipo zogwera pa nyuzipepala
ndi timiyala toyera ngati makoko a dzira.
Sindinaponyemo mwala ine.
Madzi ndiwo amabwera nawo, pang'onopang'ono,
ngati mlendo wosiya nsabwe pamphasa.

Mpopi wa khonsolo umayankhula ukafuna,
umayamba n'kutsokomola, kenako kulavula dzimbiri.
Masiku enawo timatunga pa mjigo wa kwa Mai Rutendo,
madzi oyera mbee, ooneka osalakwa,
koma olemera pakamwa ngati wanyambita khoma.

Sopo amawaopa madzi amenewa.
Nditikite, nditikite, thovu osabwera,
m'beseni mumangoyandama zotuwa
ngati mafuta oundana pa msuzi wadzulo.
Malaya a sukulu a Dailesi anali oyera mu Januwale,
lero afanana ndi phulusa,
aphunzitsi mpaka analemba kakalata kofunsa ngati timachapa.
Thaulo limauma gwa pachingwe,
podzipukuta umakhala ngati ukudzikwecha ndi chitsononkho.
Tsitsi la mwanayu limatsalira pachipeso.
Usiku ndimamumva akukanda miyendo m'tulo.

Simbi inalavula laimu pa diresi la mwini
limene ndinalandira kuti ndisite pa madola awiri.
Ndinalipa khumi, n'kuwonjezerapo pepani wambirimbiri.

Jailosi wokonza mipope anabwera ndi sipanala,
anamasula chitsulo, n'kundionetsa m'kati mwake:
njira ya madzi yatsala ngati diso la singano.
Akuti, "Amayi, mipope nayo imadwala mitsempha."
Anaseka yekha.

Paja ketuloyi inali ya bambo.
Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, pamsana pa lole,
n'kugwira zaka makumi atatu ku fakitale ya simenti.
Madzulo ankabwera nsidze zili mbuu,
nsapato zikusiya mapazi oyera pakhonde lomweli.
Ankatereka okha madzi a tiyi, osalola wina,
akudikira kuti awire ankati,
"Mwala wa dziko lino suvuta kulowa mwa munthu,
kutuluka ndiye nkhani."
Chaka chomaliza mpweya wawo unkalira
ngati mpopi wa khonsolo madzi asanafike.
Tinawaika kuno. Ya basi yopita kwawo sinakwane.

Mai Rutendo akuti ndiwiritsemo viniga.
Azakhali a ku Mufakose akuti mandimu atatu okha akwana.
Ndayesa zonse ziwiri, ndipo n'zoona,
mwala umachita thovu, umalira psii, n'kusungunuka,
pansi pa ketulo n'kuwala mpaka kudzionerapo nkhope.
Ndimaima pamenepo, botolo lili m'manja,
n'kumaganiza zopusa:
chifuwa cha munthu chikanakhala ndi chivundikiro.

Pakangotha masabata atatu mwala wabwereranso.

Tiyi wathu amavala kachikopa pamwamba,
ndimakakankhira pambali ndi supuni, n'kumwa.
Alendo amayang'ana m'kapu, amayang'ana ine,
ndimati, "Imwani, si mankhwala, ndi nthaka yathu."
Yathu? Mawuwo amandithawa okha pakamwa.

Dailesi amatola timiyala tija pa nyuzipepala,
amatisunga m'bokosi la machesi.
Akuti ndi choko chaulere.
Dzana ndinamupeza atagwada pasimenti,
lilime kunja, akulemba dzina la agogo ake,
LUFEYO, chilembo cha F chitayang'ana kumbuyo,
pansi pake masamu a kuchotsera amene anamuvuta m'kalasi.
Ndinamukalipira kuti wadetsa khonde.
Ndinatenga ndowa ndi chikolopa, ndinakolopa.

Koma madzi ake ndi omwewo.
Dzuwa litakwera, khonde litauma,
panatsala mizere yotuwa monse ndinadutsa,
kuyambira pakhomo mpaka pa geti.
Ndinaisiya. Ndinakatereka ketulo.