Kadontho Kachisanu ndi Chiwiri

Usiku wafika pakati, Grenoble ali m'tulo.
Polowa ndinasiya chipale chofewa chikugwa pa njinga yanga.
Kuno kuchipinda chapansi kulibe zenera,
kuli ine, khofi wozizira,
ndi zithunzi ziwiri za mutu umodzi.

Choyamba tinajambula mwezi watha,
makina a maginito akugogoda ngati mmisiri wa zidebe,
Gaétan ali gone m'mphako mwake, maso ali tseke.
M'menemo ubongo ukuoneka wonse,
makwinya ake, zigwa, timakwalala tokhotakhota,
koma mulibe waya ndi mmodzi yemwe.
Chachiwiri n'cha lachitatu, atangochoka ku opaleshoni.
Mawaya khumi ndi anayi ali mbee,
timadontho tachitsulo ndandanda ngati mikanda pa ulusi,
koma ubongo wasanduka utsi.
China ndi dziko lopanda apaulendo,
chinacho apaulendo opanda dziko.
Amandilipira kuti ndiziyale pamodzi.

Ndimayambira pa fupa, fupa silinama.
Mlatho wa mphuno ugwirane ndi mlatho wa mphuno,
mabowo a makutu apsompsonane.
Kompyuta imati zatheka.
Sindiikhulupirira msanga.
Ubongo ndi phala lofewa, ukauboolera chigaza umasendera,
pang'ono chabe, ngati mlendo pa benchi.

Gaétan Perrachon amakonza zingwe
zokweza anthu kunsonga za mapiri.
Khunyu linamupeza koyamba ali pamwamba pa nsanja,
lamba ndiye anamugwira, lende, mpaka anzake anafika.
Akuti lisanabwere amamva fungo la makoko a lalanje akupsa.
Zaka khumi ndi chimodzi, mankhwala amitundu isanu ndi umodzi,
laisensi yoyendetsera galimoto ili m'dirowa.

Kumtunda kuno amuchepetsera mapiritsi dala.
Ombeline, mkazi wake, wakhala pambali masiku anayi
kudikira chimene wakhala akuchiopa moyo wake wonse wa m'banja,
kuchipempha kuti chibwere.

Chabwera itangokwana wani koloko.
Pa mizere zana ndi makumi anayi yoyenda phee,
umodzi unayamba kunjenjemera wokha,
masekondi anayi enawo asanadziwe kanthu:
waya wa kumanzere, pamwamba pa khutu,
kadontho kachisanu ndi chiwiri.
Dokotala Kherbache anaimba foni, mawu ali sasa.
Sanapereke moni. Anangoti, kali pati?

Kali pati.
Milimita ziwiri kutsogolo, ndi mnofu umene mpeni ungachotse
iye n'kudzuka, n'kupempha madzi.
Milimita ziwiri kumbuyo, ndi nkhokwe ya mayina,
mmene muli liwu loti chingwe, loti lalanje,
ndi loti Capucine, mwana wake wa zaka zisanu.

Ndawerenga kuchokera kunsonga ya waya.
Kamodzi, kawiri, katatu,
apa chitsulo chathwanima kwambiri,
timadontho tiwiri takumbatirana n'kuoneka ngati kamodzi.
Ndikanadutsa. Dzanja linali litadutsa kale.
Ndabwerera, ndachepetsa kuwala, ndayeza mipata,
kachinayi kapatukana ndi kachisanu,
ndipo kachisanu ndi chiwiri kabwerera malo amodzi,
kutsogolo,
pamilomo pa chigwa chopapatiza
chimene buku limachitchula m'Chilatini
koma m'mutu uwu chinapindika mwa njira yakeyake.

Ndawerenganso. Ndipo kachitatu, chala chili pa galasi
ngati mwana wophunzira kuwerenga.
Kenako ndatumiza.

Kukucha ndakwera kumtunda ndi pepala.
Mutu wake wakulungidwa nsalu zoyera,
mawaya atuluka kumbuyo, olukidwa ngati mchira.
Lilime analiluma, akulankhula mopotoka.
Wayang'ana kadontho kofiira kamene ndazunguliza, nthawi yaitali,
n'kufunsa ngati mmisiri kwa mmisiri mnzake:
"Mwayeza kangati?"
Ndati katatu.
Wati kuphiri amayeza kanayi.

Ndatsikanso masitepe.