Musanawerenge Ndalama

Musanawerenge ndalama, a Thole, khalani pa tayala apo.
Chikwamacho bwezani kaye m'thumba.
Njinga iyi ndimaidziwa kuposa mawondo angawa,
ndipo sindifuna mawa mukandiloze chala pa Kapata
kuti mkulu uja wa ku Mchini anakudyerani masuku pamutu.

Ilibe nyali. Ilibe hutala.
Galasi loonera kumbuyo ndinachotsa ndekha
inu musanamere mano,
pakuti pa mpikisano amene ali kumbuyo ndi zake zimenezo.
Chishalo ndi cha munthu mmodzi, wowerama, wopanda mimba.
Mwati mufuna muzinyamula anthu opita kumalire?
Nanga mayi wa dengu la tomato adzakhala pati?

Ndinabwera nayo kuchokera ku Migodi
pa lole ya katundu, pakati pa bedi ndi kabati,
nambala 47 idakali pamphumi pake.
Injini ndinaiboola, mapisitoni ndi aakulu,
kukhosi kwa kabuleta ndinakuza ndi tupa masiku atatu,
malemu Dailesi akundiunikira ndi tochi uku akulalata
kuti ndinakwatira mitala, wamkulu ndi wachitsuloyu.

Giya yoyamba ndi yaitali.
Pa mahampu a m'tauni imatsokomola, imanyanyala, imazima,
mimba yake imakhula pansi.
Mukaima pa mzere wa minibasi imatentha ngati mbaula.
Petulo imamwa ngati nthaka ya mu Okutobala.
Msewu wa ku Chadiza, ndi maenje ake aja,
ungaithyole msana musanafike pa mlatho woyamba.
Wapolisi akakuimitsani, mapepala ake ndi awa:
chithunzi chimodzi chofwifwa, ine ndili ndi tsitsi.

Koma ipatseni phula loongoka.
Lamulungu m'bandakucha, malole asanadzuke,
kupitirira Mtenguleni, kuloza ku Katete,
singano ikangodutsa kamzere kofiira aka,
kamene ndinalemba ndi utoto wa zikhadabo wa Dailesi,
mawu ake amasintha.
Imaleka kudandaula. Imayamba kuimba chapamphuno,
mitengo ya mango imasanduka mpanda umodzi wobiriwira,
misozi imathamangira kumakutu,
ndipo zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu
zimatsala m'mbuyo, zikukodola.

Ndiye ndikugulitsiranji?
Mwezi wathawu ndinaona mbuzi
nditaidutsa kale.
A maso ku Mwami akuti ndi ng'ala, konsekonse.
Liwiro silidikira munthu kuti atikite m'maso.

Mwaimirira, a Thole. Mwachita bwino.
Pitani kwa amwenye kumunsi uko
mukagule tija tofiira, tofatsa,
tonyamula nkhumba ndi matumba awiri a fetereza osadandaula.
Sindikwiya. Ndinu wachinayi kuchoka pa tayala limenelo
ndalama zili zonse.

Koma mwana uyu mwabwera nayeyu ndi wanu?
Chifikireni sanayankhule.
Wagwada m'fumbi ndi yunifolomu ya kusukulu ya ntchito zamanja,
wagwedeza tcheni ndi chala chimodzi,
wanunkhiza oilo,
ndipo tsopano akundifunsa
chifukwa chake pulagi yakumanzere yada kuposa inzake.

Zaka zonsezi pa Chipata pano
palibe anandifunsapo zimenezo.
Onse amafunsa: imathamanga bwanji? Mumaliza zingati?

Dzina lako ndani, mama? Tisauke.
Tenga sipanala iyo, ya teni, yopindika kumchirayo.
Usakanikize. Imva kaye.

Pepala la malonda likhale pomwepo pa geti,
mvula yafufuta kale ziro mmodzi.
Inu a Thole pitani, musachedwe.
Uyu mum'tumize Loweruka, abwere ndi zovala zakutha.
Za mtengo sindinanene kanthu.
Aphunzire kaye kuiliza osaikwiyitsa,
ine ndidzakhala pa tayala apo,
maso otseka,
kumva ngati yamulola.